Chisanu chikutha, tikonze kadimba ka pakhomo



Mukatuluka panja tayang'anani mtengo wa pichesi uli kuseri kwa nyumbawo. Mu Juni unali ngati wouma, wopanda ndi tsamba limodzi lomwe, koma tsopano wadzaza maluwa. Chisanu chija chimawaula nthochi ndi nyemba m'madambo chayamba kutha mphamvu, ndipo posachedwapa mitengo ya m'thengo itulutsa masamba ofiira. Zimene mungachite mu Ogasiti ndi Seputembala ndizo zidzaonetse ngati ana anu adzadye ndiwo zamasamba mu Novembala, kapena adzangosunsa nsima m'madzi amchere.

Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale. Mwana wadzana uyu angatiuze chiyani za dimba, ife eni kachewere? Zoonadi makolo anga, sindingakuphunzitseni kugwira khasu. Malole odzaza kachewere, kabichi ndi matimati amene amatsikira kumzinda wa Tete amanyamula thukuta lanu, ndipo amene anaimapo pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off akudziwa kuti ndiwo za dera lino zimadyetsa mayiko awiri. Koma dimba limene ndikunena pano si la lole ayi. Ndikunena kadimba ka mphika, mabedi atatu kapena anayi pafupi ndi nyumba, kamene venda sawerengera mitu yake, kamene mayi atha kuthyolamo ndiwo madzi a nsima ali pamoto.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika kwathu komwe mu 2024, chaka chimene mvula inadula chifukwa cha El Niño. Mwana wa achemwali anga, wa zaka ziwiri, anakhala miyezi itatu sikelo yake isakukwera. Ndinawaperekeza kuchipatala. Anamwino anafunsa kuti, “Kodi dzulo mwanayu wadya chiyani?” Achemwali anati phala la mchere m'mawa, masana nsima ndi msuzi wa kapenta, madzulo nsima yomweyo. “Nanga bambo ake amagwira ntchito yanji?” Tinayankha kuti amalima kabichi ndi matimati. Anamwino aja anatiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, ndipo ine manyazi anandigwira kuposa eni mwana. Alamu anga si munthu wouma mtima. Kungoti dimba lawo lili kudambo, ulendo wa ola lathunthu, kabichi yense anali atalonjezedwa kale kwa wogula, ndipo matimati anali atangopoperedwa mankhwala. Ndiwo zinalipo zambiri, koma za mwana panalibe.

Vuto limeneli si la banja lathu lokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti m'Mozambique ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo ndi wochepa poyerekeza ndi zaka zawo. Mu 2011 anali 43, choncho zinthu zikusinthako, koma pang'onopang'ono. Mwana wopinimbira amadwaladwala ndipo kusukulu maphunziro amamuvuta. Zifukwa zake n'zambiri, monga malungo ndi kutsekula m'mimba pafupipafupi, koma chimodzi chachikulu ndi kudya chakudya chamtundu umodzimodzi tsiku ndi tsiku. Pa wailesi za ku Malawi mumamva za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, pamene kuchipatala kwathu kuno amatiuza za magulu anayi. Musasokonezeke, mbali zonse ziwiri zikugwirizana kuti ndiwo zamasamba ndi zipatso ndizo zimateteza thupi ku matenda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu 400 a ndiwo zamasamba ndi zipatso pa tsiku, kachewere, mbatata ndi chinangwa osawerengera. Kumeneko ndi ngati kutapa dzanja lodzaza kasanu.

Miyezi imene ndiwo zimasowa tonse tikuidziwa. Mfutso wa m'chikwatu umatha cha mu Okutobala. Nkhwani, chisoso ndi bonongwe wa m'munda sizipezeka mpaka mvula itakhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale. Pakati pamenepa ndalama za fodya ndi kachewere zimakhala zitapita ku feteleza. Mpata umenewu ndi umene tikufuna kutseka.

Yambani ndi mpanda, kenako werengani ndowa

Akuluakulu amati mmera mpoyamba, koma kwathu kuno mmera umayamba ndi mpanda. Anthu akangokolola, mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zimatayiriridwa, ndipo pofika Seputembala chobiriwira chokha m'mudzi monse chidzakhala kadimba kanu. Chaka changa choyamba ndinafesa nazale ndisanamange mpanda, poganiza kuti ndimanga Loweruka. Lachisanu mbuzi za oyandikana nawo zinandithandiza kukolola. Sindinapite nazo kwa anyakwawa chifukwa wolakwa ndinali ine ndemwe.

Mwetani udzu tsopano, osaka mbewa asanatenthe tchire. Mukufuna udzu wa ntchito ziwiri, wa mpanda ndi wophimbira mabedi, choncho mwetani wambiri. Bango, mapesi ndi nsungwi nazonso zimagwira ntchito. Pansi pa mpanda tsekani bwino chifukwa cha nkhuku. Malo akhale oti dzuwa limawombapo theka la tsiku kapena kuposerapo, kutali ndi mizu ya bulugamu, ndipo asakhale kumunsi kwa chimbudzi.

Musayambe ndi dimba lalikulu. M'nyengo yotentha ya Okutobala, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi amafuna madzi pafupifupi malita asanu pa tsiku. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita asanu m'litali lifuna malita 25, kuposa ndowa imodzi ya malita 20. Mabedi anayi otere ndi ndowa zisanu tsiku lililonse. Musanakumbe, dzifunseni kuti ndowa zimenezi adzatunge ndani. Ngati yankho ndi mayi yemwe uja amatunga akumwa, osamba ndi ophikira, chepetsani mabedi, apo ayi abambo ndi anyamata mumangirire zigubu panjinga. Mabedi awiri othiriridwa bwino amapatsa ndiwo zambiri kuposa asanu ndi limodzi ofota.

Nyengo ino mabedi a pakhomo akhale olowa pansi pang'ono, m'mbali mokwera, kuti madzi asathawe. Mvula ya chizimalupsa ikagwa mudzayambe kuwakweza pokonzekera dzinja. Phimbirani ndi udzu wouma, mudzaona kuti nthaka ikhala yonyowa nthawi yaitali. Thirirani m'mamawa kapena madzulo, patsinde osati pamasamba. Madzi otsukira mbale ndi osamba musawataye pabwalo. Alondolereni ku nthochi ndi ku mitengo ya zipatso, koma asakhudze masamba amene mukudya.

Manyowa akhale owolerana

Kadimba ka pakhomo sikafuna feteleza wogula ngati muli ndi khola. Koma chonde, ndowe zaziwisi zisalowe m'bedi. Zimawotcha mizu, zimabweretsa njere za udzu, ndipo choopsa kwambiri zimakhala ndi tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba timene timathovukira pamasamba pothirira. Manyowa abwino ndi akuda, ofumbutuka m'manja, osanunkha ndi osatentha. Pa ntchito ya mwezi uno fukulani a mulu wa chaka chatha, ndipo thirani ndowa imodzi pa mita iliyonse ya bedi, n'kusakaniza ndi dothi sabata imodzi kapena ziwiri musanabzale. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kwambiri, theka la muyeso umenewu likwana.

Nthawi yomweyo yambani mulu watsopano. Yalani mapesi oduladula, pamwamba pake masamba aawisi monga deliya, kenako ndowe, kaphulusa ndi kadothi pang'ono, n'kuwaza madzi. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno, ndipo lasani ndodo pakati. Mukaizula patapita masiku angapo n'kuipeza yotentha, dziwani kuti zikuyenda. Tembenuzani pakatha masabata awiri kapena atatu aliwonse. Pofika Novembala mudzakhala ndi manyowa a mabedi a dzinja ndi a maenje a zipatso.

Tibzalemo chiyani?

Ambirife tikati dimba timaganiza za kabichi, repu ndi chayinizi. Mbewu zimenezi zimakonda kuzizira. Kumtunda kwa Tsangano zimachitabe bwino, koma kukayamba kutentha nsabwe ndi mbozi zimazigwira kwambiri, mapeto ake mumakakamizika kugula mankhwala. Ndiwo za makolo athu sizivuta chotere. Bonongwe mumayamba kuthyola patatha masabata atatu kapena anayi mutafesa. Maungu obzala chisanu chitangotha amapatsa nkhwani patatha mwezi ndi masiku ochepa. Khobwe amapatsa chitambe, nyemba zimapatsa khwanya kenako nyemba zimene. Luni ndi therere zimapirira dzuwa. Pa zofunika m'thupi, masamba obiriwira kwambiriwa amaposa kabichi kutali, chifukwa ali ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, komanso ayironi wothandiza magazi. Kabichi amadzaza mbale, koma vitamini A wake ndi wochepa zedi. Tinazolowera kuona bonongwe ngati ndiwo za osauka chifukwa amamera yekha pakhola, pamene akanakhala wa m'paketi bwenzi tikumulimbirana.

Mutandifunsa ine ndinganene kuti: bedi limodzi la bonongwe ndi luni, limodzi la mpiru kapena kovi, limodzi la karoti ndi anyezi wa masamba, matimati mapando khumi okha, ndi maungu m'mbali mwa mpanda kuti ayange. Musafese zonse tsiku limodzi. Fesani mzere umodzi kapena iwiri pakatha masabata awiri aliwonse, kuti zisadzakule pamodzi n'kuthera pamodzi.

Mbewu ya m'paketi muziiona tsiku lotha ntchito. Ya kwa agogo muziiyesa: ikani njere khumi pakansalu konyowa, ndipo ngati patatha sabata zamera zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, mbewuyo ndi yabwino. Karoti, bonongwe, maungu ndi nyemba zimafesedwa pamalo pomwepo. Mpiru, kovi ndi matimati zimayambira panazale. Fesani m'mizere yotalikirana ngati chikhatho, mosazamitsa, n'kuphimba ndi udzu wochepa. Zikangomera chotsani udzuwo, apo ayi mbande zimatalika n'kufooka. Patatha masabata anayi, zikakhala ndi masamba anayi kapena asanu, wokerani madzulo dzuwa litapepa. Pofuna kusaiwala nthawi, kumbukirani izi: pamene anthu akupita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti nazale ikhale itamera, ndipo Seputembala asanathe mbande zikhale zili m'mabedi.

Mankhwala a fodya si a ndiwo

Apa ndiye ndikupempha tikhale pansi, makamaka abale anga a ku Macanga. Ino ndi nyengo ya nazale za fodya, ndipo m'nyumba zambiri muli mabotolo ndi mapaketi a mankhwala amene abwera pangongole ya fodya. Mayesero amakhalapo akuti otsalawo apoperedwe pa repu. Musatero. Muyeso wa mankhwala amenewo unakonzedwera fodya, osati tsamba limene mwana adye mawa.

Mankhwala aliwonse ololedwa pa ndiwo amakhala ndi masiku odikira musanakolole, olembedwa pabotolo. Ena ndi masiku atatu, ena sabata, ena masabata awiri. Vuto lathu la m'malire ndi lakuti botolo lina lalembedwa m'Chipwitikizi, lina m'Chingerezi, ndipo ambiri ogulitsidwa pamsika ndi othiridwa m'timabotolo ta zakumwa topanda pepala n'komwe. Pa mabotolo a kwathu kuno funani mawu akuti “intervalo de segurança”, pamenepo ndi pamene pali masikuwo. Ngati kuwerenga kukuvuta, pitani nalo botolo kwa alangizi a ku SDAE. Mu 2014 boma la Mozambique linaletsa mitundu makumi angapo ya mankhwala oopsa kwambiri. Koma malire athu malo ena ndi msewu chabe, ndipo kabotolo kopanda dzina palibe angakuuzeni kuti muli chiyani. Musakagule, ngakhale wogulitsa alumbire kuti kamapha chilichonse. Chimene chimapha chilichonse ndicho chiyenera kukuopsani.

Kupopera kunachuluka kwambiri kuyambira cha m'ma 2016, pamene kambozi ka Tuta absoluta, koboola masamba ndi zipatso za matimati, kanafika m'dziko muno. Wa munda waukulu wa matimati ali ndi nkhondo yake. Koma inu wa mapando khumi mutha kuyendera mbewu zanu m'mawa uliwonse, kuthothola masamba amene aoneka mizere yoyera ndi kuwakwirira kapena kuwatentha. Mbozi za pa mpiru tolani ndi manja mupatse nkhuku. Nsabwe zimafa ndi madzi a sopo, sipuni imodzi kapena ziwiri za sopo wosungunula m'malita asanu a madzi, kupopera madzulo kunsi kwa masamba. Ena amawonjezera tsabola ndi adyo wosinja. Madzi onyikamo fodya musagwiritse ntchito pa ndiwo ngakhale amapha tizilombo, chifukwa ndi poizoni kwa munthu, ndiponso amatha kupatsira matimati matenda.

Dziwaninso kuti fodya, matimati, kachewere, tsabola ndi mabilinganya ndi banja limodzi, ndipo zimagawana matenda monga kufota ndi tizilombo ta m'nthaka totupitsa mizu. Pamene panali nazale ya fodya kapena kachewere chaka chatha musaikepo matimati. Ikanipo anyezi, mpiru kapena chimanga. Mukagwira fodya sambani m'manja ndi sopo musanagwire matimati.

Munthu akapopera mankhwala n'kuyamba kumva mutu, chizungulire, thukuta lambiri, dovu m'kamwa, kusanza kapena kuona mwachimbuuzi, muvuleni zovala zimene anapopera nazo, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, n'kuthamangira naye kuchipatala mutatenga botololo. Ngati mwana wamwa mankhwala musamusanzitse ndipo musataye nthawi ndi mkaka, pitani naye msanga. Mankhwala azikhala pokhoma, kutali ndi ufa, ndipo botolo lotha musasungiremo mchere kapena mafuta.

Bedi limodzi lisiyireni mbatata yofiira

Mbatata yofiira mkati, imene ena amati ya kaloti, ili ndi vitamini A wambiri moti kambatata kamodzi ka magalamu 125 kamakwanira mwana wamng'ono tsiku lonse. M'dziko muno inayamba kufalitsidwa kwambiri pambuyo pa madzi osefukira a mu 2000, ndipo mu 2011 boma linatulutsa mitundu 15 yopirira chilala, monga Irene, Delvia ndi Sumaia. Tsidya linalo mumaidziwa ndi maina monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika. Mayi Maria Andrade, katswiri amene anagwira ntchito imeneyi kuno ku Mozambique kwa zaka zambiri, analandira nayo mphotho ya World Food Prize mu 2016 pamodzi ndi anzawo atatu.

Chaka chilichonse mvula ikagwa anthu amazungulira m'midzi kufunafuna mbewu ya mbatata, chifukwa yawo inauma ndi dzuwa kapena inadyedwa ndi mbuzi. Bedi limodzi la mkati mwa mpanda limathetsa vutoli. Dulani zingwe zautali wa masentimita 30 kuchokera ku mbatata yathanzi, yopanda masamba opiringizika, bzalani mothithikana mu Seputembala ndi kuthirira. Patatha miyezi iwiri mudzakhala ndi mbewu yokabzala kumunda, ndipo pakati ponsepa mukuthyolako kholowa.

Mitengo ya zipatso

Agogo anga amanena kuti atabwerera kuchokera ku Malawi mu 1994, nkhondo itatha, anapeza mudzi wonse uli tchire, nyumba zitagwa. Bwinja lawo analizindikira ndi mitengo iwiri ya mapichesi imene anabzala asanathawe, ndipo chaka chomwecho ana anadya zipatso zake. Mtengo wa zipatso umapirira, koma ukasamalidwa umabala moposa.

Kudulira mapichesi kumayenera kuchitika mu Juni ndi Julayi mtengo uli wopanda masamba, choncho ngati maluwa atuluka kale ingochotsani nthambi zouma. Ntchito ya tsopano ndi madzi ndi kupatulira. Zipatso zikafika ngati nsawawa zazikulu, thotholani zina kuti zotsalazo zitalikirane ngati chikhatho. Zimapweteka mtima, koma mukapanda kutero mudzakolola timapichesi tambiri tolimba tokhala njere yokhayokha. Mtengo waung'ono uliwonse ukumbireni mbale mozungulira, muthire manyowa, muphimbe ndi udzu wosakhudza tsinde chifukwa cha chiswe, ndipo muupatse ndowa imodzi kawiri pa sabata. Pa mitengo yomezanitsa chotsani mphukira zonse zotuluka kunsi kwa mfundo yolumikizira. Pa phata la nthochi dulani masamba owauka ndi chisanu n'kusiya zitatu zokha: mayi, mwana ndi mdzukulu. Chipatso chilichonse chogwa pansi chili ndi mphutsi chitoleni ndi kuchikwirira mozama, chifukwa mphutsizo ndizo zimasanduka ntchentche zodzaboola zotsalazo.

Ngati mukufuna kubzala mitengo yatsopano, maenje akumbidwe mu Seputembala kapena Okutobala, masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya. Dothi la pamwamba liikeni padera, mulisakanize ndi ndowa ziwiri za manyowa n'kulibwezera m'dzenje, kudikira mvula ya Disembala. Kumalo kozizira sankhani mapichesi, mapeyala, magwafa ndi mandimu. Mapapaya ndi chammwamba zimaopa chisanu, zimachita bwino kumalo kotsika ndi kofunda. Ndipo pofuna mitengo ya zigafa kapena makala, lambalalani masuku. Amapsa nthawi yomwe ija ndiwo zasowa, ndipo ana amadya osalipira.

Madzi a m'dimba asatidwalitse

Amene kadimba kanu kali kudambo, samalani ndi zitsime zimene timakumba m'madimba. Maenje osiyidwa, okhala ndi timadzi tochepa padzuwa, ndiwo amaswa udzudzu wa malungo, ndipo pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri mazira amakhala atasanduka udzudzu. Dzenje limene simukutungapo likwirireni. M'madzi odekha mumakhalanso nkhono zofalitsa likodzo, choncho ikani thabwa kapena miyala poima potunga, ndipo ana asasambemo. Mwana akamakodza magazi si chizindikiro cha kukula ayi, ndi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala.

Kudimba kukhale chimbudzi, pamtunda wa mamita 30 kuchokera pachitsime. Sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene ku Malawi anapha anthu oposa 1,700 ndipo anafikanso m'chigawo chathu cha Tete. Palinso nkhani ina imene ambiri saidziwa. Munthu amene wadya nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera, tija ena amati masese, yosapsa bwino, amakhala ndi njoka ya m'mimba imene mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Akadzithandiza patchire pafupi ndi dimba, mazirawo amafika pamasamba, ndipo wowameza amatha kudwala khunyu. Madzi a chitsime cha m'dimba musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala otetezera madzi. Ndiwo zitsukidwe ndi madzi aukhondo, makamaka matimati, karoti ndi zipatso zimene ana amadya zosaphika.

Zikafika mumphika

Ntchito yonseyi itha kuwonongekera pamoto. Tsukani masamba musanadule, osati mutadula. Madzi akhale ochepa, mphika wovundikira, ndipo aphulidwe akadali obiriwira. Soda ndi chidulo zimafewetsa msanga koma zimawononga mavitamini ena, choncho chepetsani. Tenderani nsinjiro kapena thirani kamafuta, pakuti vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Mukatha kudya, gwafa, lalanje kapena madzi a ndimu amathandiza ayironi wa m'masamba kulowa m'magazi, pamene tiyi womwera pachakudya amatchinga. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi onse amene akumwa ma ARV asamanidwe ndiwo zimenezi.

Mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, pamodzi ndi bere, yambani kumuikira m'phala masamba ophika osinja bwino, nsinjiro kapena mbatata yofiira yopota. Mupatseni masamba enieniwo, osati msuzi wokha, ndipo akhale ndi kambale kake, chifukwa m'mbale ya onse wamng'ono amatsalira. Kadimba sikalowa m'malo mwa sikelo. Pitirizani kupita naye kuti azilandira vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka atakwana zaka zisanu. Ndiwo zikachuluka mu Novembala futsani zina, muyanike pamthunzi popita mphepo osati padzuwa la phwee, kuti zisayezuke.

Mwana wa achemwali anga uja sikelo yake inayambanso kukwera, ndipo masiku ano ndiye amathamangitsa nkhuku pakhomo la mpanda. Mbewu ya mbatata yofiira imene tinabzala tinachita kupempha kwa mayi wina wa mudzi woyandikana nawo, amene anatipatsa kamtolo kamodzi kokha. Amene muli ndi zingwe za mbatata imeneyi, njere za luni kapena mbande za mapichesi zoti mutha kugawirako anzanu, tumizani uthenga kuwailesi, mutchule mudzi wanu ndi tsiku limene mumapezeka pakhomo, ife tilengeza.